Anandikaniza Waranti Chifukwa cha Nsomba Pagalasi

Moni nonse okondedwa mwa Ambuye. Ine ndine mphunzitsi wopuma pantchito wa kuno ku Nkhata Bay, ndipo lero ndikuuzeni za ogulitsa magalimoto amene anafuna kundidyera masuku pamutu, Mulungu n'kuwachititsa manyazi.

Amuna anga amadwala impso, ndipo amafunika kuonekera kuchipatala ku Mzuzu pafupipafupi. Maminibasi ankawafoola, choncho nditalandira penshoni ndinagula kagalimoto pakampani ina ku Mzuzuko. Anandipatsa waranti, kundilonjeza kuti galimotoyo ikawonongeka chaka chisanathe adzakonza okha mwaulere. Sipanapite nthawi, magiya anayamba kukana pachitunda, galimoto n'kumabwerera chambuyo bambo ali m'katimo.

Ndinayenda nayo mokwawa mpaka kwa eni ake. Tsikulo ndinali nditagulira mchemwali wanga nsomba ya batala pamsika, n'kuipachika pagalasi lam'mbali monga timachitira tonse kuti isanunkhitse m'kati. Bwana wa pakampanipo ataona nsombayo anaijambula pafoni.

"Mayi, galimotoyi mwaisandutsa yonyamulira geni ya nsomba," anatero. "Waranti yafa basi."

Nsomba imodzi, abale! Ndinapsa mtima. Munthu wamkulu, tayi pakhosi, kunama masana dzuwa likuswa mtengo. Ndinabwererako kangapo, mlonda n'kumandiuza kuti bwana atuluka, chonsecho nsapato zawo ndikuziona pansi pa chitseko. Galimoto inangokhala pamenepo ikudya fumbi. Bambo anayamba kujomba kuchipatala, miyendo inatupa, ndipo ndinaona kuti ndiwataya chifukwa cha dyera la munthu. Sindibisa, masiku amenewo ndinkapempha Mulungu kuti kampaniyo ipse.

Tsiku lina kumapemphero a amayi ndinalephera kudzigwira, ndinalira pofotokoza. Panali mwana wa mnzanga wina amene anabwera kudzaona mayi ake, osadziwa ine kuti ndi loya. Titatuluka anandigwira dzanja.

"Ama, pukutani misozi. Nsomba pagalasi si geni, nanenso ndimapachika. Wogulitsa chinthu chowonongeka lamulo limamukakamiza kukonza, kusintha kapena kubweza ndalama."

Anandiperekeza kuofesi yomva madandaulo a ogula, osandilipiritsa kanthu. Kumeneko anatuma makaniko wawo, ndipo anapeza kuti magiyawo anali otha kale ndisanagule. Tsiku lokambirana, bwana uja anatulutsa chithunzi chake monyadira. Amene ankaweruza anamufunsa ngati batala mmodzi angathyole magiya. Anamulamula kuti andipatse galimoto ina yabwino, ndipo bwanayo anaipereka nkhope ili gwaa.

Yewo Chiuta! Lero bambo sajombanso kuchipatala, ndipo akutha kuyenda okha mpaka kutchalitchi.

Inu amene mwagulitsidwa chinthu chowola, musakhale chete n'kumati ndi chifuniro cha Mulungu. Pempherani, kenako nyamukani mukadandaule, chifukwa akubawa amadalira kuti ife osauka titopa msanga. Musatope.

Koma mundipempherere pa chinthu chimodzi. Abusa akuti ndimukhululukire bwana uja, ndipo ndikuyesa. Kungoti ndikakumbukira mmene miyendo ya amuna anga inatupira iye atabisala kuseri kwa chitseko, pemphero limandithera pakhosi.