Ndinkalavula magazi nditatsinzina

Moni abale ndi alongo mwa Ambuye. Ndine Esinala wa ku Nsanama, ndipo ndikufuna ndikuuzeni za chifuwa chachikulu chimene chinatsala pang'ono kundipha, masiku aja tinkalowa mumsika ndi khadi la chipani m'manja.

Nditayamba kulavula magazi, alamu anga a Fulaye anabwera ndi magazini imene anachoka nayo ku Joni. Anati asayansi apeza kuti tinthu ting'onoting'ono timene timapanga zinthu zonse sitikhalapo mpaka munthu atatiyang'ana. Ndiye matenda nawonso, ati, amalengedwa ndi diso ndi maganizo. "Mukangopita kukajambulidwa chifuwa, mwadziitanira nokha," anatero. Ine sukulu ndinalekezera sitandade 3, ndikanatsutsa ndi chiyani? Miyezi inayi ndinkalavulira m'kansalu nditatsinzina, n'kukabisa kuseri kwa nyumba. Ndinaonda mpaka chitenje kumandizungulira kawiri. Chondipweteka kwambiri chinali kuganiza kuti ndikudzipha ndekha ndi maganizo anga. Ndinalira kwa Mulungu kuti ngati wolakwa ndi ine andiwongole, koma ngati ili ndi bodza, aliulule.

Yankho linadzera mwa Msilamu. Che Idi, okonza mawailesi pamsika, amene kale ankaphunzitsa sayansi ku Balaka, anabwera kudzatula wailesi yathu n'kundipeza ndikutsokomola maso ali chitsekere. Nditawafotokozera, anakwiya koopsa.

"Iyayi, mayi! Kuyang'ana kumene asayansi amanenako si kwa diso kapena kwa mtima. Ndi chipangizo choyezera chimene chimagunda kanthuko, monga mumadinira tomato pofuna kudziwa ngati wapsa. Ndipo n'za tinthu tochepetsetsa, osati mapapo anu. Funyululani kansaluko."

Ndinafunyulula. Magazi anali psuu, ena ouma kale, a masiku amene sindinayang'ane n'komwe.

M'mawa mwake anandikweza pa njinga mpaka kuchipatala. Anandijambula, anandibaya majakisoni osawerengeka, ndipo ndinachira. A Fulaye mpaka lero amati chinandichiza n'kusintha maganizo. Ndimawayankha pamaso pa anthu kuti magazini yawoyo akakulungire usipa, chifukwa inafuna kusiya ana anga amasiye.

Ndikuyamika Mulungu amene ananditumira Che Idi. Inu amene mukudwala, musafooke, ndipo musaope munthu chifukwa choti watchula sayansi. Popemphera tsinzinani ndithu, koma mukanena ameni, tsegulani maso muone kansaluko.