A Fabiano ndi Nkhani ya Kulera

Teleza anali atayenda nayo nkhaniyi kukhosi masiku ambiri, ndiye tsiku lina atayezetsa tiyi wake pasikelo anatsimikiza mtima kuti amuna ake, a Fabiano, aimve basi, afune asafune. Kukomboni kwa esiteti anali ndi ana asanu m'kanyumba kamodzi, wina ali m'njira, ndipo a Fabianowo anali munthu woti ukawauza kuti "ugwireni mtima" amaika dzanja pachifuwa.

"Bambo a Promise, takhalani apa," anatero Teleza, akuloza pamthunzi wa bulugama.

"Pansi kapena padengu?"

"Paliponse! Ndikufuna tikambirane za kulera."

A Fabiano anayang'ana mimba ya akazi awo, kenako nkhope, kenako mimba ija kachiwiri.

"Kulera? Panopa? Mayi a Promise, jakisoni uja amabaya zinthu zisanafike apa."

"Sindikunena za jakisoni ine. Mukuwadziwa a Eunice, anamwino aja a kumishoni, ndi amuna awo a Raphael, aphunzitsi. Akhala pabanja zaka zambiri opanda mphatso. Akufuna kulera."

"Alibe mwana koma akufuna kulera? Aaa! Ndiye vuto lawo ndi lomwelo! Kawauzeni asiye kulerako, mwana abwera yekha."

"Akufuna kulera uyu!" Teleza anadzigwira pamimba. "Akabadwa, akakulire kwawo. Koma osati mobisa ayi. A zachisamaliro cha anthu kuboma andifotokozera bwinobwino. Zonse zikhala zotsegula."

A Fabiano anadzambatuka, dengu n'kugubuduka.

"Zotsegula? M'mimba? Mwayamba liti? Ndinanena ine kuti kalongonda tinadya uja sanapse!"

"M'mimba mwanga muli phee! Chotsegula ndi khomo. Khomo la kwawo lidzakhala lotsegula kwa ife nthawi zonse."

"Ndi usiku womwe?"

"Nthawi zonse, ndatero."

"Ndi chiperoni cha kuno? Mwana wanga akagone pamphepo, agalu akulowa ndi kutuluka? Anthu ophunzira, koma chitseko chawakanika?"

"Azitseka, bambo inu!"

"Nanga ife tizilowera pati?"

"Tizigogoda!"

"Ndiye si lotsegula limenelo," anatero a Fabiano, n'kukhalanso pansi mokhutira ngati apambana mlandu.

Teleza anapuma mozama. Kwawo ku Chimaliro ankamudziwa kuti akagwira chinthu sataya, ndipo lero sanafune kuyamba kutaya.

"Tamverani. Mwanayo azikadya kwawo, azikagona kwawo, sukulu kwawo. Ife tizipita kukamuona, iwonso azibwera naye kuno. Adzakula akudziwa komwe anachokera."

"Komwe anachokera ndi apo," a Fabiano analoza mimba ija ndi mlomo. "Tizikamuonetsa?"

"Ndikumenyani ndi denguli, mwamva?"

"Ndangofunsa."

Apo mwana anagunda m'mimba, Teleza n'kukhala pansi pang'onopang'ono. Ukali wonse unamuthera. Anayang'ana mizere ya tiyi yotsetsereka mpaka kukhwawa, ndipo pamene anayankhulanso mawu ake anali otsika.

"Mukuyesa ine ndikugona tulo? Promise wajomba kusukulu temu yonse, akubereka mng'ono wake kuti ine ndithyole tiyi. Mvula ikatha, ntchito ithanso, mukudziwa. Uyu ndimufuna, bambo a Promise. Ndimufuna kwambiri. N'chifukwa chake ndikuopa."

A Fabiano anathyola katsamba n'kumakapotokola ndi zala. Thirakitala ya tiyi inadutsa n'kukazimiririka kuseri kwa phiri.

"Adzandidziwa?" anafunsa.

"Adzakudziwani. Dzina tidzam'patsa ndife."

"Akatengera makutu angawa, sakamubweza?"

Teleza anaseka misozi ili m'maso. "Makutuwo ndiye chizindikiro chathu. Sangasowe."

"Nanga akabadwa, ife n'kumuona, mtima n'kukana?"

"Tidzakana. Sitinalonjeze kanthu. Zimathera kukhoti, ndipo popanda inu ndi ine kuvomera, palibe amene angamutenge. Lamlungu atiitana tikangocheza, tikaone pakhomo pawo, tikafunse zonse zimene tikufuna."

"Zonse?"

"Zonse. Kupatula za chitseko."

A Fabiano anagwedeza mutu pang'onopang'ono. "Chabwino. Tipita."

Teleza anamva ngati watula dengu lodzaza. Anali atayamba kudzuka pamene anaona amuna ake akuwerenga zala, nkhope ikuwala pang'onopang'ono. Kuwala kumeneko sikunabweretsepo zabwino.

"Imani kaye, mayi a Promise. Mwanayu adzakhala ndi amayi angati?"

"Awiri. Ine womubereka, a Eunice omulera."

"Ndiye kuti a Eunice adzakhala mayi wa mwana wanga."

"Eya."

"Nanga mayi wa mwana wako amakhala ndani wako?" A Fabiano anakonza kolala ya malaya ong'ambika. "Ha! Ine Fabiano, wodulira tiyi, mkazi wachiwiri namwino! Ankhoswe anga akamva akomoka. Koma musadandaule, inu ndinu aakulu. Masiku tizigawa mwachilungamo."

Teleza sanakalipe. Anamanganso chitenje chake bwinobwino, n'kumwetulira kumwetulira kumene a Fabiano sanakuonepo chikwatiranire.

"Mwaganiza bwino zedi," anatero mofatsa. "Ndiye kuti a Raphael nawonso adzakhala bambo wa mwana wanga."

"Eya, a Raph..."

"Nanga bambo wa mwana wako amakhala ndani wako? Mwamuna wamtali uja, wovala taye, wa njinga yamoto. Musadandaule, inu ndinu aakulu. Masiku tizigawa mwachilungamo."

A Fabiano anaimirira, anatola dengu la akazi awo n'kulibereka okha kumsana, chinthu chimene kapitawo aliyense pa esiteti akanalumbira kuti sichingachitike.

"Mayi a Promise," anatero mwaulemu wonse, "vuto lanu ndi limodzi. Mumangotenga mawu momwe amvekera."