Majini a Telala

Telala anali atangobwera kuchipatala kokadandaula za chifuwa, ndipo m'malo mopalasa makina, anakhala pakhomo la shopu yake n'kuyatsa ndudu mwamatama. Mkazi wake anamupeza pomwepo, atanyamula siketi ya sukulu ya mwana wawo wachisamba, yofunika zipi yatsopano.

"Iii, bambo a mwana! Kuchipatala kokhosomola, kuno kosuta?"

"Mayi, khalani pansi. Lero mlandu wandikomera." Anauzira utsi kudenga. "Dokotala wati vuto si ine. Ndi majini."

Siketi inagwa pansi. "Majini?"

"Eya. A malemu bambo."

"Mayo ine! Apongozi alowa mwa inu? N'chifukwa chake kakhosomoledwe n'komwe kaja!"

"Sanalowe. Ndinabadwa nawo."

"Ndiye zaka zonsezi ndakhala ndikugona chipinda chimodzi ndi apongozi anga? Osandiuza bwanji kuti ndizifundako bwino?"

"Aaa, inu! Si majini a ziwanda. Awa ndi a sayansi. Tinthu ting'onoting'ono totengera kumtundu, ngati mphuno yangayi."

"Amakhala m'mphuno?" Mayi anawerama n'kusuzumira.

"Chokani apa! Ali thupi lonse."

"Thupi lonse! Basi, ndikukaitana abusa."

"Abusa angotha mawu. Amenewa satuluka." Telala anagwedeza phulusa ngati munthu wophunzira. "Dokotala wati anthu ena chikonga cha mu fodya chikangowalowa, chimawamata ngati guluu. Wokonza njinga uja anasiya fodya ngati akuvula malaya. Ine ndayesa kangati? Inu n'kumati ndine wofooka. Ndipepeseni."

"Ndiye amene akusutayo panopa ndi apongozi?"

"Tingotero."

"Nanga bwanji mano achita chikasu ndi anu?"

Telala anabisa manowo ndi milomo.

"Dokotalayo anathera pomwepo?" anafunsa mayi.

Sanathere pomwepo ayi. Koma telala ndi munthu wodziwa kudula: pa nsalu ya dokotala anangotengapo chomukwana, zotsalazo n'kusiya pabenchi ya chipatala. Anayamba kufunafuna sizasi yomwe inali m'thumba mwake.

"Ndikufunsatu."

"Anangowonjezera pang'ono. Kuti majini omwewo amakonda kuyenda ndi khansa ya m'mapapo. Munthu umasuta zambiri, kukoka kwake kofika pansi, mapapo n'kumalandira."

"Khansa yomwe inatenga apongozi ija?"

"Yomweyo."

"Ndiye abwera kudzakutengani! Ndinanena ine!" Mayi anagwira m'mutu. "Apongozi, pepani, musiyeni kaye! Madiresi a ukwati wa eni sanamalize!"

"Musakuwe, makasitomala amva! Dokotala wati ndikasiya, ngozi imachepa."

"Siyanitu."

"Ndisiye bwanji poti wosutayo si ine?"

"Auzeni asiye."

"Samva."

"Inde, analidi osamva malemuwo." Mayi anayandikira khutu la mwamuna wake n'kukweza mawu. "Apongozi! Fodya ameneyu anakuphani kale kamodzi!"

"Khutu langa, mayi inu!"

"Ndimayesa ndi lawo."

Telala anaona kuti nkhaniyi ikumuthina ngati kolala. Anatola siketi ija kuti asinthe nkhani, n'kuitembenuza kuti aone zipi. M'thumba munagwa ndudu yopsa theka, kenako bokosi la machesi. Zinagubuduka n'kuima pafupi ndi phazi lake.

Anayang'ana ndudu yapansi. Anayang'ana ya m'manja mwake. Mtundu wake unali womwewo.

"Siketi iyi ndi ya ndani?"

"Mwaiwala? Munasoka nokha."

"Mwana wanga? Kamtsikana kanga kaja, mapapo ake osakhwima n'komwe?" Anadzuka, mpando n'kugwa chagada. Chifuwa chinamugwira, anakhosomola mpaka misozi, ndudu yake n'kuiponda ndi nsapato mosazindikira. "Akudziwa mmene agogo ake anafera? Kupuma ngati pampu yoboola! Ali kuti? Lero andiona! Palibe chifukwa chomwe angandiuze, ngakhale chimodzi!"

Mayi anatola machesi aja, n'kuwaika bwinobwino m'dzanja la mwamuna wake.

"Mumukalipiranji mwana wosalakwa, bambo? Si iye akusuta. Ndi inuyo mwalowa mwa iye."