Maondo a Zélia

Pokwerera maminibasi a chapa ku Ulongwe, bambo wina ankaonetsa foni kwa mayi amene anakhalira thumba la mbatatesi. Sankadziwana, onse ankangodikira kuti galimoto ya ku Domwe idzaze.

"Mwamva, mayi? Ekipa ija, timu ya mpira wa basiketi ku Maputo, yamupatsanso kontrato Zélia. Ati azilandira kuposa atsikana onse."

"Zélia wamtali uja? Ndinayamba kumumva pa wailesi ndili ndi pakati pa mwana wanga woyamba. Pano mwanayo ali ku sekundariya."

"Ndiye pamenepo. Ine ndimamukonda, mpira ukachoka m'manja mwake suphonya. Koma maondo anatha. Amasewera pang'ono, kenako n'kukhala panja atamanga mabandeji. Apa ndalama aziponya m'madzi."

"Akakhala panjapo amawodzera?"

"Ayi, pakamwa sipatsekeka. Kamtsikana kakalakwitsa amakakodola n'kukanong'oneza. Kakabwerera m'bwalo, kamagoletsa ngati si komwe kaja."

"Inu bambo, mumalima?"

"Ine ndi wa njinga, ndimanyamula katundu pa Kalomwe."

"Tapisani dzanja m'thumbamu."

"Apa akupusitsani, mayi. Mbatatesi yake ndi yofota, makwinya okhaokha, yayambanso kuphuka."

"Imeneyi ndi yambewu. Ndaigula modula kuposa yosalala ija mumadya, ndipo sindinanenerere. Yongokumba kumene mukaibzala imachedwa kumera."

"Nanga pokolola, yakaleyi mumaipezanso?"

"Ayi, imaolera pansi. Timakumba ana ake."