Chingwe cha alamu m'munda wanga wa khofi

Monire mose, abale ndi alongo mwa Ambuye. Ndine mayi wamasiye wa ku Misuku, ndipo ndikufuna ndikuuzeni momwe kapepala ka kuchipatala kanatsala pang'ono kundilanditsa munda wa khofi umene malemu amuna anga anandisiyira.

Ndinaterereka pa kanjira kotsetsereka nthawi ya mvula n'kuthyoka mkono. Mkonowo ukupola, mwana wanga wamkazi ananditengera kuchipatala china cha mumzinda, komwe ananditenga magazi oti aone momwe mafupa akuthera ndi momwe akumangikiranso. Zotsatira zinanditsata nditabwerera kale kumudzi. Papepalapo panali nambala yanga, pambali pake malire oyenera, ndipo yangayo inali itadumpha malirewo. Anailemba mofiira.

Kupusa kwanga kunali kupatsa pepalalo alamu anga, mng'ono wa malemu, poti amadziwa Chizungu. Anapukusa mutu n'kulengeza kuti mafupa anga akufumbwa ngati chimanga. Sabata isanathe mudzi wonse unkandilankhula ndi mawu a pamaliro. Kenaka alamuwo anabwera ndi chingwe cha buluu n'kuyamba kuyeza mizere ya khofi ndi kukhoma zikhomo, ine ndili pakhonde ndikuona.

"Mulamu, phiri ili simungakwerenso. Tikusungireni," anatero, m'kamwa muli nthochi yanga.

Zinandinyansa koopsa. Munthu amene sanathirepo manyowa ngakhale pa phando limodzi, lero wasanduka wachifundo. Ndinapemphera ndili ndi mkwiyo, sindibisa. Ndinati Ambuye, ngati ndikufa ndife, koma musalole kuti andigawane ndikupuma.

Lamulungu lotsatira, mayi wina wa m'kwaya yathu, namwino wochokera ku Dedza, anandipeza nditakhala ndekha kunja kwa tchalitchi. Ndinamuonetsa pepalalo, ndipo atawerenga anandifunsa ngati ndinasiya kusamba. Ndinati kalekale.

"Amama, malire awa ndi a akazi amene akusambabe," anatero. "Mkazi akasiya kusamba nambalayi imakwera, ndipo malire ake amakhala ena. Komanso fupa likamapola imakweranso. Bwererani adokotala akakuoneni."

Ndinabwerera. Adokotala anayerekeza nambala yanga ndi malire a amayi a msinkhu wanga, ndipo inali m'kati mwake. Anati poti ndinathyoka kale, mafupa anga ndi ofunika kuwasamala, ndipo anandipatsa mankhwala ndi malangizo. Za imfa sanatchuleko.

Nditafika kumudzi ndinakwera phiri lija n'kuzula zikhomo zonse ndi mkono womwe unathyokawo. Alamu anandiona ali patali, ndipo mpaka lero sanabwere kudzati pepani.

Ndikuthokoza Mulungu amene ananditumizira mayi uja. Inu amayi anzanga, musafooke, ndipo pepala la kuchipatala muzikalionetsa kwa achipatala, osati kwa aliyense wodziwa Chizungu. Khofi wanga ndathyola ndekha chaka chino. Chingwe chija alamu anachiiwala m'munda, ndipo pano ndimamangira mbuzi.