Ndinali Mlonda wa Kupansi

Abale ndi alongo, ine kulemba ndaphunzira imvi zitamera kale, choncho mundipirire.

Pakati pa tauni ya Dublin panali kamalo ka juga ndi mowa. Tinkangoti Kupansi, chifukwa polowa umatsika masitepe. Kunalibe zenera, kunalibe wotchi. Kunali timakina ta juga, tebulo la makhadi ndi kauntala ya mowa basi.

Mwini wake anandiika pakhomo chifukwa cha chilankhulo changa. Mmalawi kapena Mzambia akamadutsa ndinkati, "Achimwene, kunjaku kwazizira, lowani mumve kutentha." Munthu akamva Chichewa kuchilendo mtima umafewa. Ankatsika. Ine ndinkamwa mwaulere, n'kumadziona ngati bwana.

A Mwale ankasamalira okalamba ku Blanchardstown. Ndine ndinawalowetsa koyamba. Posakhalitsa anayamba kubwera akangoweruka, yunifomu ili m'thupi.

Lamlungu lina m'mawa mkazi wawo anagogoda, atanyowa ndi mvula.

"Bambo, amuna anga ali muno? Chichokereni Friday sanabwere kunyumba."

"Kuno sanafike, mayi," ndinatero, n'kutseka chitseko.

A Mwale anatuluka masana ali dzandidzandi, okha. Mawa lake anawavuula m'madzi cha ku Rathmines, atafa kale.

Nkhaniyo itamveka, anthu athu analeka kutsika. Malowo sanathe zaka ziwiri. Lero pali shopu ya mafoni, masitepe aja anatsekapo.

Koma kugogoda kuja sikunatsekedwe. Ndinkakumva m'basi. Ndinkakumva m'mapaipi a m'chipinda changa. Ndinkamwa kuti kuleke, koma ndiye kumakulirakulira. Wina akagogoda kwa oyandikana nawo, ndinkagwira mtima.

Tsiku lina ndinagwa pamsewu, ndinadzidzimukira kuchipatala. Namwino atagogoda ndinakuwa, "Ali muno! Ali muno!" Ndinalira ngati mwana. Ndinati, Yesu, ngati mukundimva, ndipatseni mphamvu ndikafike kwa mayi aja ndisanafe.

Nditachira ndinafunsira mpaka ndinawapeza ku Ongar. Tsikulo wogogoda ndinali ine. Ndinagwada pakhomo n'kuwauza zonse.

 Mayiwo anati, "Ndinkadziwa, bambo. Jekete yawo ndinaiona pampando kumbuyo kwanu. Ndinakusungirani chakukhosi zaka zambiri, mpaka ndinatopa n'kukusiyani m'manja mwa Mulungu. Dzukani, lowani. Kunjaku kwazizira."

Abale, amenewo anali mawu anga omwe ndinkakolera nawo anthu. Pakamwa pawo anasanduka chifundo.

A Mwale sadzabwerera, ndipo nkhope yawo ndimaionabe. Koma mowa ndinausiya, ndipo kugogoda kuja kunaleka. Ambuye alemekezeke, amene sananditsekere chitseko ngati mmene ndinachitira ine.

N'chifukwa chake mumandipeza pakhomo la tchalitchi Lamlungu lililonse. Ngati pali wina amene akumva kugogoda mumtima mwake, usayankhe ngati ine kuti kulibe munthu. Tsegula lero. Amene waima panjayo ndi Yesu.