Mizere Yonenepa ya a Ching'aning'ani

Abusa, achibale, a kuntchito ndi nonse mwabwera kudzakhuza maliro ano, mbiri ya malemu ndiwerenga ndine, mlongo wawo wotsiriza.

Malemu agona apawa, amene ambiri mumawadziwa kuti a Ching'aning'ani, anabadwa mu 1959 m'nyumba ya zipinda ziwiri kuseri kwa siteshoni ya sitima. Anali achisamba m'banja la ana asanu. Bambo athu ankakonza mawailesi pakhonde, ndipo malemu anayamba kugwira mawaya mano aubwana asanaguluke. Atatsiriza sekondale analowa koleji ya zaluso, kumene anali mtsikana yekhayo m'kalasi. Mu 1983 anakwatiwa ndi alamu athuwa, oyendetsa sitima, ndipo banja lawo silinafikepo kwa ankhoswe.

Mu 1985 analembedwa ntchito ku labotale ya yunivesite. Kumeneko ankatenthetsa mpweya ndi magetsi m'botolo lagalasi mpaka usanduke plazima, ndiko kuti mpweya wotentha moti maatomu amataya maelekitironi awo. Botololo linkaphethira ngati mphezi, n'chifukwa chake anapatsidwa dzina lija. Kuwalako ankakudutsitsa m'makina amene amakugawa kukhala timizere topyapyala. Ife osaphunzira ankatifotokozera kuti atomu ili ngati munthu wolemba mzere pabolodi: akakhala yekha mzere umatuluka wowonda, koma maelekitironi akamamugunda chigongono mbali zonse, mzere umanenepa. Ukayeza kunenepako umadziwa kuchuluka kwa maelekitironi m'botolomo. Iyi ndiyo inali ntchito yawo, ndipo ankaikonda kuposa mmene ankatikondera ena a ife.

Mu 1996 mkulu wa labotaleyo, a Pulofesa, anawerengera papepala mmene mizereyo iyenera kunenepera. Malemu atayeza anapeza kuti ndi yonenepa kawiri kuposa pamenepo. Anabwereza kwa miyezi inayi, yankho osasintha. A Pulofesa anati makina ndi akuda, galasi lapendekeka, mayiyu ndi wosasamala. Malemu anayatsa nyale yozizira patsogolo pa makina omwewo, mizere n'kutuluka yowonda ngati ulusi, kusonyeza kuti makinawo analibe chilema. Anakagogoda ku ofesi ya a Pulofesa n'kunena kuti, "Bwana, ingobwerani mudzaone, ndi masitepe khumi okha." A Pulofesa anayankha kuti, "Mayi, ine sindiphunzitsidwa ndi munthu wopukuta magalasi."

Sabata yomweyo kunabwera kalata yonena kuti malemu ndi waulesi ndi wowononga kafukufuku. Anawalanda makiyi n'kuwatsitsira ku chipinda chapansi chotsukira mabotolo, chopanda ndi windo lomwe. Kumeneko anakhalako zaka makumi awiri ndi zitatu, zala zitasuwa ndi sopo, uku akumva botolo lawo likuthetheka pamwamba pa mutu wawo m'manja mwa ena.

Mu 2004 akatswiri a kwina anayeza mizere yomweyo napeza zimene malemu anapeza. A Pulofesa anafukula makope a malemu, n'kusindikiza manambalawo m'dzina lawo. Anakwera nawo ndege, anawomberedwa m'manja, koma masitepe otsikira kotsukira mabotolo sanawaponde. Kalata ija ikadali m'failo mpaka lero. Malemu anapuma pantchito mu 2019 akutchedwabe waulesi, ndipo ife zikutiwawa.

Ku mpingo anali a kwaya zaka makumi atatu, ndipo ndi iwo ankakonza zokuzira mawu zimene ndikulankhuliramozi.

Anayamba kudwala khansa ya m'chiwindi chaka chatha. Ali m'chipatala anatumiza uthenga katatu kuti a Pulofesa abwere, koma katatu konse tinamva kuti ali pamsonkhano. Abusa atawalimbikitsa za kukhululuka, malemu anaseka n'kunena kuti, "Abusa, kukhululuka ndikhululuka, koma munthuyo abwere kaye. Ndikhululukire mpweya?" Anatisiya Lachiwiri m'mawa ali ndi zaka 65.

Asiya amuna awo, ana atatu, aamuna awiri ndi wamkazi mmodzi, zidzukulu zisanu ndi chimodzi, mng'ono wawo mmodzi ndi alongo awo awiri.

Lero misonkhano yatha. A Pulofesa ali nafe pano, pampando wakutsogolo, ndi nkhata yamaluwa yoposa ya amuna a malemu, ndipo tamva kuti akonza mawu a masamba atatu otamanda wantchito wokhulupirika. Masambawo apinde, abwezere m'thumba la jekete. Makolo anati mlandu suola. Ife abanja tagwirizana kuti bokosi ili silitsika m'manda mpaka a Pulofesa ataimirira apa, kumutu kwa malemu, n'kunena okha pamaso pa ana awa kuti mayi awo sanali waulesi, anayeza molondola, ndipo manambala aja anali awo. Okumba manda tawauza kale, ndipo ati sakufulumira.

Mbiri imathera ndi mawu akuti apumule mu mtendere. Mawu amenewo tili nawo, ndipo tiwanena tonse pamodzi a Pulofesa akatha kulankhula.

A Pulofesa, dzuwa likuwotcha amasiye. Imirirani.